Lipoti la valavu ya stainless yomwe inadyana mazinga pa makina odzazira okosijeni

Malo ndi makina

Lipotili likunena za valavu imodzi ya pa makina odzazira masilinda a okosijeni pa chipatala china cha m'chigawo chapakati, kumene ndinaitanidwa ngati mmisiri wa zipangizo za mpweya wa m'chipatala. Ndalilemba chifukwa funso lomwe linabuka kumeneko limabweranso kwina: zitsulo ziwiri zikamakhulana m'kati mwa okosijeni wa pulesha yaikulu, tizipake chiyani kapena tizikute ndi chiyani kuti zisadyane?

Makinawo ndi a mtundu wa PSA, omwe achuluka m'zipatala zathu kuchokera nthawi ya Covid-19, makamaka okosijeni atasowa kwambiri kumayambiriro kwa 2021. Amakoka mpweya wamba, kuupanikiza, kuudutsitsa m'matanki a zeolite amene amagwira nayitrojeni, n'kutulutsa okosijeni wa pakati pa 90 ndi 96 peresenti pa pulesha yochepa. Wina amapita m'mapaipi a kumawodi. Wotsalayo amalowa mu busita, yomwe ndi kompuresa yosathira oyilo, ndipo imamukweza kufika cha m'ma bar 150 (bar imodzi ndi pafupifupi pulesha ya mpweya wamba wotizungulira) kuti adzaze masilinda opita kuzipatala zing'onozing'ono. Masilinda amalumikizidwa m'mizere iwiri, mzere uliwonse uli ndi valavu yake yotsekera. Pamene mzere umodzi ukudzaza, winawo amauchotsa masilinda odzaza n'kumangirira opanda kanthu.

Zomwe zinachitika

Valavu ya mzere wachiwiri yomwe inabwera ndi makinawo inali ya brass. Itayamba kutulutsa mpweya, m'malo mwake munaikidwa ina yogulidwa m'sitolo ya zipangizo za haidiroliki. Pooneka inali yabwino kuposa yakaleyo: yowala, yolemera, pathupi pake palembedwa 316, womwe ndi mtundu wa stainless, ndi 6000 psi, yomwe ndi pulesha yopitirira ma bar 400. Wogulayo anayang'ana pulesha, n'kuona kuti ikupitirira kutali ma bar 150, mtima wake n'kukhala pansi. Palibe chomwe chinalembedwa pa valavuyo kapena papepala lake chosonyeza kuti inatsukidwa kapena kupangidwira okosijeni.

Patapita miyezi, valavuyo inayamba kulimba. Bambo amene amayendetsa makinawo, munthu wachikulire wosamala ntchito yake, anandifotokozera motere: "Achimwene, valavu imeneyi ndi yamakani. Mukamaipotokola imakana, imakana, kenako imangolumpha yokha." Anali atayamba kuikapo sipanala pa chogwirira kuti dzanja lipeze mphamvu.

Tsiku la ngozi anamangirira masilinda opanda kanthu, mavalavu a masilindawo akadali otseka, kenako anatsegula valavu ya mzere. Inakana, anawonjezera mphamvu, n'kulumpha. Panamveka kuphulika kwakung'ono kumapeto kwa payipi yofewa ya silinda yomaliza, panatuluka kautsi ndi fungo la pulasitiki yopsa. Anazimitsa busita, kutseka mzere woyamba, n'kutulutsa mpweya wonse panja. Palibe anavulala.

Zomwe tinapeza titamasula

Tinamasulira zonse patebulo loyalidwa nsalu yoyera, titavala magolovesi oyera opanda ufa, kuti chilichonse chogwa chioneke.

Kumapeto kwa payipi yofewa, kawashala ka nayiloni kanali katapsa theka, kotsalako kakuda bii ndi kophwanyika ukakakhudza. Brass yozungulira inali ndi mwaye koma sinasungunuke. Moto unayamba pa nayiloni, unapeza brass, n'kuzima pomwepo. Pakanakhala aluminiyamu pamalo amenewo, lipotili likanakhala la mtundu wina.

Valavu yeniyeniyo inavuta kumasula. Spindle, kandodo ka mazinga komwe kamatsegula ndi kutseka valavu, pamodzi ndi chivundikiro chomwe mazinga ake amayendamo, zonse zinali za stainless ya mtundu umodzi. Mazinga atatu kapena anayi apakati sanali mazinganso: chitsulo chinali chitang'ambika mbali imodzi n'kukamatirira mbali inayo, timabampu tosongoka tokanda chala ngakhale uli ndi golovesi. Titagogoda chivundikirocho pansalu, panagwa tizinyenyeswa towala, tina ngati fumbi, tina totalikirapo topindika. Timeneti tinatipezanso m'payipi kutsogolo kwa valavu. Mtundu wa valavuyo ndi uja amene mazinga a spindle amakhala m'kati mwa mpweya, pansi pa packing (chotchinga chozungulira spindle choletsa mpweya kutuluka), choncho chilichonse chonyenyeka pa mazinga chimagwera m'njira ya okosijeni.

Chachitatu, titazimitsa magetsi n'kuunika ndi tochi ya UV, mazingawo anawala mobiriwira motuwa, chizindikiro cha mafuta. Ena anali ochokera kufakitale, chifukwa mavalavu a haidiroliki amamangidwa ndi girisi wamba. Pa ena bambo aja sanabise: anapakapo mafuta odzola pang'ono pa spindle pomwe inayamba kulira, poganiza kuti ali kunja ndipo sangalowe. Spindle imakwera ndi kutsika podutsa packing, ndiye mafutawo inkawatenga pang'onopang'ono kupita nawo m'kati.

Kukhulana kunabweretsa bwanji moto

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti zitsulo zinatentha pokhulana mpaka kuyaka. Valavu yopotokola ndi dzanja siyenda mothamanga mpaka kufika potero. Kukhulana kunagwira ntchito yake m'njira zina ziwiri.

Yoyamba ndi ija anaitchula bambo aja: kukana n'kulumpha. Lamulo loyamba la okosijeni ndi kutsegula valavu pang'onopang'ono, koma valavu yodyana mazinga sikulola kutero. Imagwira mpaka timalo tomatirirana titathyoka, kenako imazungulira mwadzidzidzi. Mpweya wa ma bar 150 unalowa nthawi imodzi m'payipi yomwe inali pa bar imodzi ndipo kumapeto kwake kunali kotseka. Mpweya ukapanikizidwa mofulumira umatentha, monga momwe pampu ya njinga imatenthera kumunsi mukamapopa mwachangu. Mukawerengera, mpweya wa madigiri 20 ukapanikizidwa mwadzidzidzi kuchoka pa bar imodzi kufika pa 150 ukhoza kupitirira madigiri 900. M'payipi yeniyeni kutentha kwina kumalowa m'chitsulo, komabe kotsalako n'kokwanira kuyatsa nayiloni, makamaka ikakhala ndi kamafuta.

Yachiwiri ndi tizinyenyeswa tija. Pulesha ya kumbuyo kwa valavu ikaposa ya kutsogolo pafupifupi kawiri, mpweya wodutsa pakamwa pa valavu umathamanga pa liwiro la phokoso. Kanyenyeswa ka chitsulo kotengedwa ndi mpweya wotero kakamenya pa kona kapena pa mpando wa valavu ina (pomwe valavu imagunda potseka) kamayaka, ndipo kakhoza kupatsira chitsulo chomwe kamenyacho. Pa njira zonse zomwe zitsulo zimayakira mu okosijeni, iyi ndi imodzi mwa zodziwika kwambiri. Kuyang'ana kwanga kukundiuza kuti tsiku limenelo chinayatsa ndi kutentha kwa kupanikizika, popeza moto unayamba kumapeto kotseka, pa nayiloni. Koma tizinyenyeswato tinali kale m'payipi, tikudikira tsiku lawo.

Chifukwa chomwe stainless imadyanira n'chosavuta. Chomwe chimaiteteza ku dzimbiri ndi kakhungu ka chromium oxide kopyapyala kwambiri. Pa mazinga, pomwe mphamvu yonse imathera pa timalo tating'ono, kakhunguko kamang'ambika, zitsulo ziwiri zamaliseche zofanana zimakumana n'kuwotcherana popanda moto. Mitundu ya 304 ndi 316 ndi yofewa komanso imalimba ikamakandidwa, ndiye kabampu kamodzi kakatuluka kamalima mazinga onse otsatira. M'makina wamba vutoli limabisika ndi girisi. Mu okosijeni girisi wamba saloledwa, ndipo valavu ikatsukidwa bwino kudyanako kumabwera msanga.

Zoti chitsulo chimayaka anthu sakhulupirira mpaka ataona, ngakhale amene amadula zitsulo ndi gasi tsiku ndi tsiku, pomwe kudulako ndi kuyaka kwa chitsulo mu okosijeni. Ku White Sands Test Facility ya NASA, ku New Mexico, akhala akuyesa zimenezi kwa zaka zambiri. Muyeso umodzi, wolembedwa mu ndondomeko ya kayesedwe ya ASTM G124, amayatsa kandodo ka chitsulo kumunsi n'kuona ngati moto ukwera nako pa pulesha zosiyanasiyana. Titaniyamu ndi aluminiyamu zimayaka pa pulesha yochepa kwambiri. Stainless imayaka pa pulesha yotsika kutali poyerekeza ndi ma bar 150 athu. Kopa, brass, nikelo ndi Monel 400 (chitsulo chosakaniza nikelo ndi kopa) sizipitiriza moto ngakhale pa 10,000 psi, yomwe ndi pafupifupi ma bar 690. Muyeso wina amakhulanitsa timapaipi tiwiri, kena kakuzungulira, akuwonjezera mphamvu mpaka titayaka, ndipo ndandanda wake umatuluka mofananako: za nikelo ndi kopa pamwamba, aluminiyamu ndi titaniyamu pansi. Mu 1980 suti ya oyenda m'mlengalenga inapsa ikuyesedwa ku Johnson Space Center ya NASA, moto utayamba m'chigawo cha okosijeni chomwe chinali cha aluminiyamu, ndipo atakonzanso anagwiritsa ntchito Monel. Mu 1999 mabungwe a boma la America a FDA ndi NIOSH anachenjeza za moto wa maregyuleta a aluminiyamu a okosijeni wa odwala.

Njira zomwe tinaziganizira

Ofesi inkafuna yankho lotsika mtengo, ndipo funso lawo linali loyenera: valavu ya mzere woyamba nayonso inali itasinthidwa ndi ya mtundu womwewo, ndipo m'sitolo munali ina yosungidwa. Kodi sitingazikonze khungu kuti zigwire ntchito? Ndinayesa njira iliyonse ndi mafunso awiri. Kodi ichepetsa kudyana? Nanga ikamatha, chomwe izinyenya m'mpweya ndi chiyani? Funso lachiwirili ndi lomwe limasiyanitsa okosijeni ndi makina ena onse. Pa shafiti ya pampu ya madzi, chokutira chikasupuka mwataya shafiti basi. Mu okosijeni, kachidutswa kosupukako ndi kamene kamakayatsa moto kutsogolo.

Njira yoyamba inali kusalaza mazinga n'kupaka girisi wololedwa mu okosijeni, wa PFPE (mafuta a fluorine) wosakaniza ndi PTFE (pulasitiki yoterera yodziwika kuti Teflon), wodziwika ndi maina monga Krytox ndi Fomblin. Girisi ameneyu ndi wabwino ndipo ndimamugwiritsa ntchito, koma pang'ono zedi, kongonyowetsa. Akachuluka amasonkhanitsa fumbi. Pa stainless yoyenda pa stainless inzake amangochedwetsa vutolo, chifukwa spindle ikamayenda tsiku lililonse amafinyidwa n'kuchoka pomwe pali mphamvu. Salinso woyenera pa mazinga a aluminiyamu, chifukwa pokhulana kwambiri mafuta a fluorine amatha kulimbana ndi aluminiyamu yongokandidwa kumene.

Yachiwiri inachokera kwa mnzanga wa ku wekishopu: kukuta spindle ndi hard chrome monga amachitira ndi ndodo za haidiroliki. Ndinaikana osachedwa. Hard chrome ndi yolimba, koma mwachibadwa imakhala ndi timing'alu tambirimbiri, ndipo pansonga za mazinga imakhala yochindikala mosafanana n'kumabenthuka. Pansi pake pali 316 yofewa yomwe imabonyoka ikapanikizidwa, chokutiracho n'kusweka. Tikanasinthanitsa zinyenyeswa zofewa ndi zolimba.

Electroless nickel ndinakhala nayo nthawi yaitali, chifukwa ili ndi zabwino zenizeni. Imakutidwa ndi mankhwala popanda magetsi, choncho imayala mofanana ngakhale m'kati mwa mazinga. Ndi nikelo yosakanikira ndi fosiforasi, yolimba cha m'ma 500 HV (HV ndi muyeso wa kulimba kwa chitsulo) ikangokutidwa, ndipo ikawotchedwa pa madigiri 400 kwa ola limodzi imayandikira 1000 HV. Nikelo payokha ndi imodzi mwa zitsulo zovuta kuyaka. Vuto lili pa kumata. Kakhungu kaja ka stainless kamalepheretsa chokutira kugwira pokhapokha wokutayo atayamba ndi nikelo yapadera yotsegulira khungu, ndipo ntchito imeneyi ikalakwika diso silingaone. Mumadziwa pomwe yayamba kusupuka m'kati mwa valavu. Popanda njira yoyezera kumata kwake, sindikanasainira.

Siliva ndi yosiyana ndi zonsezi chifukwa ndi yofewa. Silimbana ndi kukhulana, imalola kuterera, n'kukhala pakati pa zitsulo ziwirizo kuti zisakumane. Ndiyo chifukwa chake manati a stainless a zolumikizira mapaipi ang'onoang'ono, monga a Swagelok, amakutidwa siliva m'kati mwa mazinga. Siliva sivuta mu okosijeni. Koma nati imamangidwa kangapo chabe pa moyo wake, pomwe spindle yathu imayenda kangapo patsiku. Siliva imatha, ndipo ikatha mwabwerera pomwe munayambira.

Njira yomwe imathetsadi kudyana kwa 316 ndi yolowetsa kaboni kapena nayitrojeni m'khungu la chitsulo pa kutentha kosapitirira madigiri 500. Imodzi yodziwika ndi Kolsterising ya kampani ya Bodycote. Pa kutentha kotsika chotero chromium sagwirana ndi kaboni, choncho chitsulo chimakhalabe chosachita dzimbiri, koma khungu la ma micron 20 mpaka 40 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita) limalimba kufika cha m'ma 1000 HV. Ubwino wake waukulu kwa ife ndi woti palibe chomatidwa pamwamba. Ndi chitsulo chomwecho chalimba, ndiye palibe chosupuka. Izi n'zosiyana ndi nitriding wamba ya kutentha kwambiri, yomwe imalimbitsa stainless koma kuilanda chitetezo chake ku dzimbiri. Kutumiza spindle zitatu kunja kwa dziko kuti zikalandire chithandizo chimenechi kukanadya ndalama zoposa mavalavu atsopano. Ndipo pali china chachikulu: khungu la ma micron 30 silisintha zomwe zili pansi pake. Moto ukayamba pa mpando wa pulasitiki n'kufika pa spindle, imene ikuyaka ndi 316, yolimbitsidwa kapena ayi.

Zokutira za DLC (kakhungu kolimba kofanana ndi dayamondi) ndi molybdenum disulphide sindinachedwe nazo. Zonse zimatereretsa bwino kwina. Koma DLC ndi kaboni, ndipo molybdenum disulphide yopopera imabwera ndi zomatira zomwe zambiri zimayaka. Popanda pepala la muyeso wa mu okosijeni la mtundu weniweniwo, siziyenera kulowa. Cadmium nayo ayi.

Chotsala ndi chomwe opanga mavalavu a okosijeni anachidziwa kalekale: osakuta, koma kusankha zitsulo ziwiri zosiyana zomwe sizikondana kuwotcherana, ndipo zonse zikhale zosapitiriza moto. Thupi la brass ndi spindle ya Monel, kapena spindle yolimba yoyenda m'nati ya bronze. Monel 400 ndi nikelo pafupifupi magawo awiri mwa atatu, yotsalayo makamaka kopa. Nayo imadyana ikayenda pa Monel inzake, choncho si dzina la chitsulo lokha lomwe limapulumutsa, koma kuti chikuyenda pa chiyani. Pali stainless ina, Nitronic 60, yopangidwira kusadyana, koma pa nkhani ya moto ikadali stainless.

Mnzanga uja anati akhoza kutema nati ya bronze pa lefu n'kuilowetsa m'chivundikiro cha valavu yakaleyo. Luso ali nalo, sindikukayika. Koma kuboola chivundikiro cha valavu ya ma bar 150 ndi kupanga valavu yatsopano yomwe palibe anaiyesa, ndipo munthu woima kutsogolo kwake m'mawa uliwonse si ife.

Zomwe tinachita

Mavalavu onse awiri a stainless tinawachotsa, pamodzi ndi yosungidwa ija, n'kuwalemba ndi penti kuti si a okosijeni. Tinaitanitsa a brass opangidwira okosijeni wa pulesha yaikulu, otseguka pang'onopang'ono ndi mapotokolo ambiri, okhala ndi mpando wa pulasitiki ya PCTFE, komanso amene mazinga a spindle ali pamwamba pa packing, kunja kwa mpweya. Mfundo yomalizayi ndi yomwe ndinaumirira kwambiri pa oda. Mazinga amatha ndithu, kaya ndi a chitsulo chanji, koma akathera kunja kwa njira ya okosijeni zinyenyeswa zake sizifika kwa wina aliyense. Mavalavuwo anafika aliyense m'pulasitiki yomata, ndi chikalata chosonyeza kuti anatsukidwira okosijeni, ndipo tinawatsegula pa nthawi yomanga yokha.

Podikira, kudzaza masilinda kunaima. Mawodi sanakhudzidwe chifukwa amalandira mpweya busita isanafike, koma zipatala zing'onozing'ono zinayamba kudalira masilinda ogula, ndipo ofesi sinasangalale nazo.

Mapaipi a mizere yonse iwiri tinawamasula n'kuwatsuka motsatira njira za mu ASTM G93 ndi CGA G-4.1: madzi otentha ndi sopo wochotsa mafuta, kutsukuluza kangapo ndi madzi oyera, kuumitsa ndi nayitrojeni wopanda oyilo, kenako kuyang'ana ndi tochi yoyera, tochi ya UV ndi kupukuta ndi nsalu yoyera yosasiya ulusi. Petulo ndi palafini, zomwe amakaniki amathamangira potsuka zitsulo, pano ndi poizoni. Tochi ya UV nayo musaikhulupirire yokha, chifukwa pali mafuta ena omwe sawala. Mapaipi ofewa onse a mzere wachiwiri tinasintha, chifukwa m'kati mwake simungatsukike bwino. Pomwe mpweya umatulukira mu busita tinaika sefa ya sintered bronze.

Tili pomwepo tinatsegulanso silinda ya pisitoni yomaliza ya m'kati mwa busita, popeza namonso muli kukhulana kopanda oyilo. Mmenemo pisitoni imayenda ndi maring'i a PTFE, ndipo chinsinsi chake ndi kusalala kwa khoma. Likakhala lokhakhala limadya maring'i. Likasalala mopitirira, PTFE ilephera kusiya kakhungu kake kopyapyala pakhomapo, komwe ndi komwe kumatereretsa, ndipo maring'i amathanso msanga. Khoma linali bwino, lopanda mizere. Ndinaletsa kulipukuta ndi sandipepa, tinangosintha maring'i ndi a wopanga makinawo.

Ndondomeko yodzazira tinaisintha pamalo amodzi ofunika. Tsopano mavalavu a masilinda opanda kanthu amatsegulidwa kaye, valavu ya mzere pambuyo, kuti mpweya ukamalowa upeze malo aakulu oti udzaze m'malo mogunda kumapeto kotseka. Woyendetsa amaima pambali, osati kutsogolo kwa geji. Sipanala tinaichotsa m'chipindamo, ndipo pakhoma pali chikwangwani choti valavu ikalimba kapena kulira, makina aime ndipo aitane mmisiri. Tinagwirizananso zosamba m'manja ndi sopo musanagwire zolumikizira, chifukwa m'nyengo yozizira pafupifupi aliyense amabwera kuntchito atadzola.

Zotsatira

Pa ulendo wotsatira wa sevisi ndinamasula sefa ija ndi kuigogoda pansalu yoyera. Munali kafumbi kakuda kochepa ka maring'i a busita, komwe n'koyembekezereka, popanda chowala chilichonse cha chitsulo. Mavalavu atsopano amapotokoka ndi zala ziwiri, ndipo singano ya geji imakwera mosalumpha. Pa mazinga ake akunja ndinapaka kadontho ka girisi wa PFPE, chubu chake n'kuchisiya chotsekeredwa m'kabati ya mmisiri, cholembedwa dzina, kuti chisasokonezeke ndi girisi wina.

Chomwe sichinathe ndi masilinda obwerera kuchokera kuzipatala zing'onozing'ono. Ena amafika opanda zotsekera pakamwa, atakwera pa lole yotseguka m'misewu yafumbi, ndipo mchenga wa pakamwa pa valavu ya silinda ndi woopsa mofanana ndi zinyenyeswa za stainless. Pakali pano woyendetsa amayang'ana ndi kupukuta kamwa lililonse asanamangirire, ndipo silinda yopezeka ndi mafuta amaiika pambali. Pempho la zotsekera zatsopano ndinalipereka ku ofesi yogula zinthu pamodzi ndi lipotili.